Kabula ndi Mizinga ya Panyanja

Pa katundu amene banja la m'mbali mwa nyanja limagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndi wochepa amene sanadutse ku Blantyre. Ukonde wa chilimira, sopo, mafuta ophikira, chitenje cha mayi, simenti yomangira mzikiti ndi malata ofolerera madrasa, zonsezi ukazilondola kumene zachokera umakathera ku Makata, ku Chirimba, ku Ginnery Corner kapena m'masitolo a ku Limbe. Ife a ku Likoma, amene pa kalembera wa 2018 tinapezeka kuti tilipo 14,527, timadalira mzinda wa anthu oposa 800,000 umene ambiri mwa agogo athu anamwalira asanauone. Tinazolowera zimenezi mpaka timayesa kuti dziko linalengedwa choncho.

Kale sizinali choncho. M'chaka cha 1875, pamalo pamene pali mzindawu panali midzi ya Mfumu Kapeni ndi minda ya anthu ake. Wofuna nsalu, mikanda, mfuti kapena onga ankayang'ana kum'mawa. Zombo za matanga zinkawoloka nyanja kuchokera ku Nkhotakota kukakocheza ku Losewa ndi ku Mtengula, ndipo kuchokera kumeneko amalonda ankayenda pansi mpaka ku Kilwa. Chilumba chathu chinali m'mphepete mwenimweni mwa njira yaikulu ya malonda a dziko lino. Pomwe zinkatha zaka 30, njira imeneyo inali itamera udzu, katundu akulowa ndi kutuluka kudzera kummwera. Chimene chinasamutsa malondawo ndi mzinga. Choncho wofuna kumvetsa Blantyre wa mafakitale ayambire ulendo wake panyanja, chifukwa nkhondo zimene zinalemeretsa mzindawu zinamenyedwa kuno kwathu.

Sitima ya Ilala imene timakwera pochoka pachilumba ndi yachikulire. Inapangidwa ku Glasgow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951. Ikaima pa Nkhotakota ndiye kuti tafika padoko la a Jumbe. Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera kugombe la nyanja yamchere, anakhazikika pamenepa cha m'ma 1840. Iye ndi a Jumbe amene anamutsatira anadzetsa zombo zikuluzikulu, ulimi wa mpunga, Kurani ndi malembedwe a Chiarabu.

Tisabise kanthu. M'zombo zomwezo munkakwera minyanga ya njovu pamodzi ndi anthu ogwidwa ukapolo. Ambiri mwa amene anadzaza Likoma ndi Chizumulu m'zaka zimenezo anali othawa nkhondo za Angoni ndi za ogwira anthu. A mishoni ya UMCA atakhazikika pachilumba mu 1885, ena mwa aphunzitsi amene anabwera nawo panyanja, monga Augustine Ambali, anali akapolo owomboledwa. Ife Asilamu a pachilumba, amene tili ochepa pakati pa abale athu a Anglican, timasodza ndi kutunga madzi limodzi ndi zidzukulu za othawa aja, ndipo ambiri a ife magazi omwewo ali m'thupi mwathu. Chipembedzo chimene chinakweza Bilal, kapolo womasulidwa, kukhala woyamba kuitanira swala, sichingaikire kumbuyo munthu wowotcha mudzi kuti akagulitse ana a eni ake. Tikunena izi poyamba kuti zotsatirazi zisamveke ngati maliro olira ufumu wa ogulitsa anthu.

Sitima ikapitirira kummwera, mapiri a kwa Makanjira amaoneka chapatali kum'mawa. Makanjira anali mmodzi mwa mafumu oyamba a Chiyao kulowa Chisilamu, cha m'ma 1870, ndipo anali ndi zombo zakezake, alembi ake ndi aphunzitsi a Kurani m'mudzi mwake. Mu 1888 sitima ya mishoni ya ku Likoma, Charles Janson, inakocheza kwa iye itanyamula wansembe William Percival Johnson ndi John Buchanan, amene ankagwirizira udindo wa kazembe wa Britain. Anthu a Makanjira anawagwira, Buchanan anamuvula zovala n'kumukwapula, ndipo anawamasula atalandira dipo. Angerezi sanaiwale.

Britain italengeza mu 1891 kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, inapereka ulamuliro kwa Harry Johnston. Ndalama zinali zochepa, moti kampani ya Cecil Rhodes ndi imene inkamupatsa mapaundi 10,000 pachaka. Asilikali anachita kukatenga ku India: Captain Cecil Maguire anabwera ndi Asikh pamodzi ndi Asilamu a m'gulu la apakavalo la ku Hyderabad. Ena amaifotokoza nkhondoyi ngati ya mtanda ndi mwezi, koma pamene mudzi wa Mponda unkawombedwa ndi mzinga mu Okutobala 1891, mbali zonse ziwiri kunali anthu oswali moyang'ana ku Makka. Jumbe wa nthawiyo, Tawakali Sudi, anali bwenzi la Johnston. Anapangana naye mu 1889 ndipo ankalandira malipiro chaka ndi chaka. Atamwalira mu 1894, amene analowa m'malo mwake sanakhalitse: Angerezi anamuchotsa pampando n'kumutumiza ku Zanzibar, ujumbe n'kutherapo.

Mu Disembala 1891 Maguire anamva kuti zombo ziwiri za Makanjira zabisidwa pagombe. Anatsika kukaziwononga, ndipo anawomberedwa ali m'madzi akubwerera ku sitima ya Domira. Sitima imeneyo inali ya kampani ya Mandala ya ku Blantyre. Dzinalo tilisunge, tikumana nalo kutsogoloku. Mu Febuluwale 1892 Mfumu Jalasi anathamangitsa gulu lina la Angerezi pa phiri la Mangochi n'kulilanda mzinga. Zinthu zinatembenuka mu 1893, pamene sitima zankhondo za Pioneer ndi Adventure zinayandama panyanja. Chaka cha 1895 chinali chomaliza: Kawinga, Matipwiri, Jalasi ndi Makanjira onse anagonja kapena kuthawira kutsidya kwa Apwitikizi, ndipo mu Disembala Mlozi wa ku Karonga anapachikidwa.

Taonani chimene Maguire anafera: zombo. Kuwotcha zombo kunaletsa akapolo kuwoloka, ndipo pa chimenecho tiyenera kuthokoza Allah. Koma moto womwewo unatsekanso njira ya minyanga, nsalu ndi katundu wina aliyense, ndipo amene anatsala ndi mphamvu zonyamula katundu panyanja anali eni sitima za nthunzi.

Titatsika Ilala ku Monkey Bay, basi imatifikitsa ku Mangochi, kumene mpaka ufulu utabwera kunkatchedwa Fort Johnston. Linga loyamba linamangidwa mu 1891 kutsidya la Shire moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda, kuti chilichonse cholowa kapena kutuluka m'nyanja chizidutsa pakamwa pa mzinga. Lero pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo pambali pake pali mzinga wa sitima ya Guendolen. Sitima imeneyi ndi imene mu Ogasiti 1914 inachoka ku Nkhata Bay, Captain Rhoades akuiyendetsa, n'kukawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Liuli, kumpoto kwa chilumba chathu. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti ku Ulaya nkhondo yayamba. Ana amasewera mozungulira mzingawo, ndipo amayi ogulitsa malonda amakhala pamthunzi chapafupi.

Ku Zomba, m'mbali mwa msewu, pali nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a King's African Rifles, amene makolo athu ankangoti a Keyala. Gulu limeneli linakhazikitsidwa mu 1896 ndi dzina la Central Africa Rifles, n'kusanduka Keyala mu 1902. Oyamba kulembedwa anali Atonga, kenaka Ayao anachuluka. Patangotha zaka zisanu chigwere Jalasi, anyamata a Chiyao anali atavala kale yunifolomu ya amene anawagonjetsa, akumenya nkhondo ku Ashanti mu 1900. Kenaka anawatumiza ku Somaliland kukalimbana ndi Sayyid Muhammad Abdullah Hassan, shehe amene anakana ulamuliro wa Angerezi kwa zaka 20. Bariki ya Cobbe ili ndi dzina la mzungu amene analandira mendulo ya Victoria Cross pa nkhondo ya ku Erego mu 1902 akutsogolera asilikali a kuno. Chaka chotsatira, pa Gumburu, gulu la batalioni yachiwiri linathera pomwepo pafupifupi lonse zipolopolo zitawathera. Msilamu wa kwa Mponda anafa ndi mkondo wa Msilamu wa ku Somalia, pa mlandu umene wa kwa Mpondayo sankaudziwa mutu wake.

Sitingawaweruze mopepuka anyamata amenewa. Maulendo a ku Kilwa, amene ankapatsa mnyamata wa Chiyao ulemu ndi nsalu zokwatirira, anali atatha. Msonkho wa nyumba unali utayamba, ndipo unkafunika ndalama za boma. Mfuti ya Keyala inali ndi malipiro, komanso inali yolemekezeka kuposa khasu la pa esiteti ya mzungu. Chodabwitsa n'chakuti Chisilamu chinafalikira kwambiri m'zaka zomwezi, mafumu atagonja kale. Mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje ankayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja opanda mfuti, ndi matabwa olembapo Kurani okha, ndipo anthu amene analandidwa malinga awo anapeza m'mizikiti malo amene boma silinkawalamulira.

Kuchokera ku Zomba msewu umadutsa Namadzi ndi Njuli n'kutitula ku Limbe. Mlendo wochokera kunyanja amayamba kumva mphepo yozizira ya m'mapiri, kenaka fungo la dizilo, ndipo m'nyengo yake fungo la fodya. Akayang'ana uku ndi uku amaona Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe, koma linga saliona. Blantyre alibe mzinga pamphambano ngati Mangochi, alibe nsanja ya asilikali ngati Zomba. Mbiri yake ya nkhondo ili m'sitolo.

Nyumba ya Mandala ili pakamtunda chapafupi ndi pakati pa tawuni. Inamangidwa mu 1882 ndi njerwa ndi dothi, ili ndi khonde lamatabwa kuzungulira, ndipo imadziwika kuti ndi nyumba yachizungu yakale kuposa zonse zimene zikadalipo m'dziko muno. Eni ake anali kampani imene amalonda a ku Glasgow anayambitsa mu 1878, patangotha zaka ziwiri mishoni ya Church of Scotland itakhazikika kwa Kapeni n'kutcha malowo Blantyre, dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira. Kampaniyo inadzatchuka ndi dzina la African Lakes. Oyendetsa anali abale awiri, John ndi Frederick Moir, ndipo John ankavala magalasi a m'maso onyezimira, n'chifukwa chake anthu anamutcha Mandala. Cholinga cholembedwa chinali chopha malonda a akapolo pobweretsa malonda abwino. Koma katundu yekhayo amene akanabweza mtengo womunyamulira mpaka kunyanja yamchere anali minyanga ya njovu, yomweyo imene Aswahili ndi Ayao ankagula. Amalonda awiri anali akulimbirana msika umodzi.

Chifukwa chimene mzindawu unamerera pamalo amenewa chili mu mtsinje wa Shire. Sitima yochokera ku Zambezi inkakwera mtsinjewo mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, n'kuima chifukwa cha mathithi. Kuyambira pa Kapichira mpaka cha ku Matope madzi sayendeka. Katundu yense ankatsitsidwa, n'kusenzedwa pamutu kukwera phiri mpaka ku Blantyre, kenaka kutsika naye ku Matope kukakwezanso sitima ya kunyanja. Blantyre anali popumira ndi posungira katundu pakati pa madzi awiri. Thumba lililonse, bokosi lililonse la zipolopolo, chitsulo chilichonse cha sitima zankhondo zija, chinadutsa pamitu ya amtengatenga m'njira imeneyi. Ngakhale sitima ya mishoni yathu ya pachilumba, Chauncy Maples, inabwera kuchokera ku Glasgow m'mitolo yoposa 3,000, ndipo chithupsa chake cholemera matani 11 chinakokedwa pamtunda ndi amuna a Chingoni okwana 450, kufikira chinakalumikizidwa kwa Mponda n'kuyandama mu 1901.

Kampani ya Mandala inamenyapo nkhondo yakeyake boma lisanabwere. Kuyambira 1887 mpaka 1889 inalimbana ndi Mlozi, Kopakopa ndi Msalemu ku Karonga, itasonkhanitsa azungu odzipereka, Atonga ndi Ankhonde. Ankhonde anali atazunzika kwambiri ndi Mlozi, ndipo anali ndi chifukwa chomveka chomenyera. Kampani nayo inali ndi chake: Karonga inali khomo la njira ya minyanga yochokera ku Tanganyika. Mmodzi mwa amene anatsogolera asilikali a kampaniyi mu 1888 anali msilikali wachinyamata Frederick Lugard, amene anavulazidwa ndi chipolopolo pa linga la Kopakopa. Lugard yemweyo ndi amene mu 1903 asilikali ake anagwetsa Kano ndi Sokoto ku Nigeria. Bwalo la kuseri kwa nyumba ya Mandala linali ndi mpanda wolimba woti azungu athawiremo zinthu zikavuta. Lero pansi pa nyumbayo pamagulitsidwa zojambula ndi khofi, ndipo pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, mmene muli mabuku ndi zithunzi za nthawi imeneyo. Wophunzira wa Chisilamu wofuna kudziwa mmene adani a Makanjira ankamuonera akwere masitepe amenewo. Akawerenge mosamala, podziwa kuti olembawo ndi amene anapambana.

Mpanda uja unadzagwira ntchito usiku wa pa 23 kuchera pa 24 Januwale 1915. Anthu a John Chilembwe anayenda kuchokera ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kudzathyola nyumba yosungiramo zida ya Mandala. Iwo ankadziwa bwino kumene mfuti za dziko lino zinkagona. Alonda anakuwa, azungu anadzuka, ndipo obwerawo anathawa ndi mfuti zowerengeka chabe. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale. Miyezi iwiri m'mbuyomo anali atalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino akutengedwa kukafera nkhondo ya eni chuma, nkhondo ya Karonga ya pa 9 Seputembala 1914 itakhetsa kale magazi a asilikali akuda mbali zonse ziwiri. Asilamu nthawi imeneyo anali pamalo ovuta. Ufumu wa Ottoman unali utalowa nkhondo kumbali ya Germany mu Novembala 1914, ndipo boma linkayang'ana mizikiti ndi diso lokayikira, pomwe ana a m'mizikiti yomweyo ndi amene ankadzaza mizere ya Keyala.

Mfuti zitatsegula njira, njanji inalowa. Sitima yapamtunda inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, ndipo chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe. Mu 1935 mlatho wa pa Zambezi unalumikiza mzindawu ndi doko la Beira, njanji n'kupitirira kumpoto mpaka ku Chipoka ndi Salima. Apa nyanja inasanduka nthambi ya Blantyre. Manja ogwira ntchito m'minda ya fodya, thonje ndi tiyi anabwera ndi msonkho: lamulo linadzati amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi alipire theka, ndipo wokhala pa esiteti ankalipira malo ndi thukuta lake, zimene timazidziwa kuti thangata. Wolephera msonkho ankawotcheredwa nyumba, kapena mkazi wake kugwidwa mpaka ndalama ipezeke. Okakamiza zimenezi anali apolisi ndi asilikali aja.

Ntchito za m'tawuni zinagawidwa motsata sukulu, ndipo apa nkhani ya chilumba chathu ndi ya Asilamu zimasiyana njira. Boma linasiya maphunziro m'manja mwa amishoni, moti dipatimenti ya maphunziro inadzakhazikitsidwa mu 1926. Ku Likoma kunali sukulu, makina osindikizira mabuku, malo ophunzirira ukalipentala ndi umisiri, ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene chinayamba kumangidwa mu 1903. Ana a pachilumba anatuluka ali makalaliki, aphunzitsi, amakanika ndi oyendetsa sitima, ofunidwa ku Blantyre, ku Rhodesia ndi ku Joni. Makolo a Chisilamu ku Mangochi, ku Machinga ndi ku Nkhotakota ankaopa kuti mwana akalowa sukulu atuluka ndi dzina lina ndi chipembedzo china, ndipo mantha awo sanali opanda maziko. Anasunga chikhulupiriro, koma mtengo wake unali waukulu. M'mzinda wa maofesi Msilamu anakhala telala, khukhi, mlonda, msilikali kapena wogulitsa nsomba. Ife a pachilumba tinaona mbali zonse ziwiri, chifukwa m'banja limodzi mumatha kupezeka amalume kalaliki wa Anglican ndi amalume telala wa Chisilamu, ndipo kusiyana kwa malipiro awo aliyense ankakudziwa.

Panalinso Asilamu ena m'tawuni, amalonda ochokera ku India amene Johnston yemwe analimbikitsa kuti abwere. Anayamba ndi timasitolo ku Chiromo, Blantyre ndi Limbe, n'kufalikira m'maboma onse, ndipo mizikiti ikuluikulu ya m'tawuni ambiri anaimanga ndi iwo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linawalamula kuchoka kumidzi n'kukhala m'mizinda ikuluikulu. Zotsatira zake timaziona mpaka lero: wogulitsa wa pa Mbamba kapena wa pa Makanjira amayenda ulendo wa masiku kukapikula katundu ku Limbe.

Asilikali a kuno anamenyanso nkhondo yachiwiri ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma, kenaka ku Malaya. Ulendo womaliza umene mfuti za atsamunda zinalira m'dziko muno unali mu 1959. M'bandakucha wa pa 3 Malichi, Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza lamulo la chipwirikiti, Dr Banda anagwidwa kunyumba kwake ku Limbe n'kuulutsidwa kupita ku ndende ya Gwelo. Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay, doko limene ife timadzera popita kumtunda, asilikali ochokera ku Southern Rhodesia anawombera khamu limene linkafuna kumasula abale awo otsekeredwa mu sitima ya Mpasa, ndipo anthu osachepera 20 anafa. Ambiri mwa ogwidwa m'dziko lonse anakatsekeredwa ku Kanjedza, ku Limbe. Lero Kanjedza ndi dzina la siteji ya minibasi ndi sukulu ya apolisi, ndipo kondakitala amalitchula mofulumira ngati dzina lina lililonse.

Mafakitale ambiri amene mlendo amaona lero anabwera ufulu utapezeka. Magetsi a pa Nkula anayaka mu 1966, ndipo fakitale ya nsalu ya David Whitehead inatsegulidwa mu 1967 kuti thonje la ku Chigwa cha Shire ndi la m'mbali mwa nyanja lizisanduka chitenje konkuno. Inalemba anthu zikwizikwi, kenaka inafooka kaunjika ndi nsalu zakunja zitasefukira, ndipo mu 2003 inagulitsidwa n'kukhala Mapeto. Ku Makata tinaona mageti ena otseguka, malole akulowa ndi kutuluka, ena otsekedwa ndi unyolo wadzimbiri, anyamata atakhala panja kudikira ganyu. Maukonde a Blantyre Netting Company amalukidwa m'mzinda umene ulibe nyanja. Mathithi aja amene ankaletsa sitima kudutsa ndi amene tsopano amayendetsa makina, ndipo madzi ambiri amene Blantyre amamwa amapopedwa pa Walker's Ferry mu Shire. Onsewo ndi madzi a nyanja yathu, pomwe ife pachilumba magetsi timawapeza ku majenereta a dizilo ndi ku dzuwa.

Ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Chichiri kuli makina a nthunzi ndi mutu wa sitima panja pa udzu, ndipo ana a sukulu amajambulitsa atatsamira mawilo ake. Makina amasungika chifukwa ndi achitsulo. Amene anasenza dziko lino pamutu alibe chowakumbukira chotero. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo anaitcha ya Chiwaya chifukwa cha kulira kwa mfuti ija yosalekeza, dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Ambiri anachita kugwidwa usiku m'midzi, mafumu atalamulidwa kupereka chiwerengero. Ankakwezedwa m'sitima ku Fort Johnston, Chauncy Maples ili m'gulu la zowanyamula, n'kudutsa pafupi ndi chilumba chathu kupita kumadoko a kumpoto. Kumeneko ankasenza mpunga, ufa ndi zipolopolo kukwera mapiri a ku Songea ndi Njombe m'dzinja, atavala nsanza, akufa ndi kamwazi, chibayo ndi njala. Nkhondo itatha, chimfine cha 1918 chinatsata obwerera mpaka m'midzi.

Manda a asilikali achizungu a nkhondo imeneyo alipo ku Karonga, ku Mangochi ndi ku Zomba, mwala uliwonse uli ndi dzina lake, udzu wake wosamalidwa. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, ambiri mwa iwo a mu Africa, amene anafa akutumikira Britain pa nkhondoyo sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Ena mwa iwo anachokera kwa Mponda, kwa Makanjira, ku Nkhotakota ndi ku Mtengula. Anagwa m'mbali mwa njira katundu ali pamutu, opanda wowasambitsa, opanda sanda, opanda wowaswalira janaza, ndipo mtolo wawo unapatsidwa kwa amene anali kumbuyo. Lachisanu limene tinaswali ku Limbe tinali pamzere umodzi ndi atelala, madalaivala a malole, eni masitolo ndi anyamata a ganyu a ku Makata. Swala itatha tinakweza manja kuwapemphera dua amtengatenga aja, onse pamodzi, popanda kutchula dzina.